Ligi za mayunivesite a ku America zikuzunza ophunzira ndi maulendo

Akonzi,

Kusamutsira mayunivesite a kumadzulo kwa America ku ligi za kum'mawa n'kulakwira ophunzira. Mu 2024, mayunivesite a USC, UCLA, Oregon ndi Washington analowa ligi ya masewera ya Big Ten, pomwe a Stanford ndi Cal analowa ligi ya ACC. Chinawakoka ndi ndalama za kanema: mgwirizano wa Big Ten ndi makampani a kanema a Fox, CBS ndi NBC ndi wa madola pafupifupi 7 biliyoni pa zaka 7.

Anyamata a American football savutika kwenikweni. Amasewera kamodzi pa sabata, ndege yake yochita kuwabwerekera okha. Ozunzika ndi a volleyball, softball ndi masewera ena, amene nthawi zambiri amadikira ndege wamba. Kuchoka Los Angeles kukafika ku yunivesite ya Rutgers ku New Jersey, yomwenso ili mu Big Ten, ndi makilomita pafupifupi 3,900, maola 5 mumlengalenga, nthawi n'kusiyananso maola 3. Mwana wa mchemwali wanga, wosewera volleyball pa yunivesite ina, amalemba homuweki pabwalo la ndege, laputopu pamiyendo, Lolemba n'kumasinza m'kalasi. Makolo ake ndalama ya tikiti yokamuchemerera ayipeza kuti?

American football ikhale ndi ligi yakeyake, monga ananenera Chip Kelly mu 2023, ali mphunzitsi wa timu ya American football ya UCLA. Masewera enawa abwerere m'zigawo zawo, kumene basi imafika.

Wowerenga wanu,
California