Kalata yotseguka kwa Bwanamkubwa wa boma la Nkhotakota

Bwanamkubwa,

Ndalemba kalatayi poyera kuti ena a maganizo ngati anga, ngakhalenso otsutsana nawo, aiwerenge nawo. Pempho langa ndi ili: khonsolo ipatule kamalo pa boma pano, pamene anthu amadutsa tsiku ndi tsiku, pabzalidwe mitengo ya mthunzi, paikidwe mabenchi, ndipo pakati pake paime zosema ndi zojambula za nyama za kwathu kuno, zopangidwa ndi amisiri a konkuno.

Chifukwa chake mukuchidziwa kuposa ine. Nkhalango ya Nkhotakota, yomwe kukula kwake ndi masikweya kilomita pafupifupi 1,800, inali ndi njovu zoposa 1,500 m'mbuyomu, koma pofika mu 2015 zinatsala zosakwana 100. Minyanga inapita kunja, nyama inathera m'miphika, thengo linangoti zii. Chaka chomwecho bungwe la African Parks linayamba kuyendetsa nkhalangoyi mogwirizana ndi nthambi ya boma yoona za nyama zakutchire, ndipo mu 2016 ndi 2017 njovu pafupifupi 500 zinakwezedwa pa malole kuchokera ku Liwonde ndi ku Majete n'kudzatsitsidwa kuno, pamodzi ndi nyama zina pafupifupi 2,000 monga mphalapala, ngoma, njati ndi njiri. Nkhaniyi inamveka dziko lonse lapansi. Mpaka Prince Harry anabwera kudzagwira nawo ntchitoyo ku Liwonde.

Nanga mwana wa pa boma pano, amene amadutsa pamsika m'mawa uliwonse popita kusukulu, nkhaniyi imamufika bwanji? Njovu amaiona m'buku, mwina mwamwayi akakwera matola opita ku Kasungu mumsewu wa M18 umene umadutsa m'nkhalangomo. Apo ayi amangomva kuti yatha chinangwa cha agogo ake. Zikwangwani zolimbikitsa kuteteza nyama timazionadi m'misewu, koma zambiri zimakhala za m'Chingerezi, mawu awiri atatu, pansi pake zizindikiro za mabungwe zili ndanda, ndipo dzuwa la kunyanja likazipsereza kwa zaka ziwiri zimangotsala malata oyera. Palibe mwana amene anaimapo pa chikwangwani chotere n'kufunsa funso.

Chimene ndikufuna kuti chiime pakati pa malowo ndi njovu yaikazi ndi mwana wake, yopangidwa ndi waya wa misampha. Agemu amachotsa misampha yambirimbiri m'nkhalango muno akamayendera, ndipo wayayo amangounjikidwa. Ndinaugwirapo waya wotere pamene ankauonetsa ana a kalabu ya zachilengedwe kusukulu. Wina ndi uja wa buleki ya njinga, wina ndi wokhuthala wopotana, onse opindidwa khwekhwe, adzimbiri, ndipo pa mfundo ya wina panali patatsalira ubweya. Wotchera amati akufuna gwape kapena nguluwe, koma khwekhwe sasankha. Amagwira mwendo wa mbidzi, amagwiranso chitamba cha mwana wa njovu, ndipo nyama ikamakoka pofuna kuthawa m'pamene waya amalowa mpaka pafupa. Njovu imakhala ndi bere miyezi 22, ndiye mwanayo n'kudulidwa chitamba ndi waya wa njinga, chitamba chomwe amamwera madzi ndi kuthyolera masamba.

Pemphani oyang'anira nkhalango kuti waya amene milandu yake inatha ku khothi aperekedwe ku khonsolo. Amisiri owotcherera zitsulo tili nawo pa boma pano, aja amapanga mageti, mafelemu a mawindo ndi ngolo. Apatseni wayayo ndi wojambula mmodzi wowatsogolera, ndipo makhwekhwe ena awasiye osawongola, aoneke mmene alili m'nthiti za njovuyo, kuti mwana athe kulowetsamo dzanja n'kumva mmene amamangira. Pambali pake pakhale mizere iwiri yokha ya m'Chichewa yonena kumene waya ameneyu anachokera. Sipafunika zambiri.

Komatu Nkhotakota si njovu yokha, ndipo kunena zoona nyama imene ili pafupi kwambiri ndi mtima wa munthu wa kuno ndi mpasa. Ameneyu timamudziwa pa mbale, pambali pa kondowole. Mpasa amakhala m'nyanja koma amakwera mitsinje kukaikira mazira, ndipo Bua ndi umodzi mwa mitsinje yochepa imene akukwerabe bwino, makamaka chifukwa mbali ya mtsinjewu ili m'nkhalango momwe mitengo ya m'mphepete mwake sinadulidwe. Apa ndiye pali phunziro losavuta kulimvetsa kwa msodzi: nkhalango ikatha, dothi limakokolokera mumtsinje n'kukwirira miyala imene mpasa amaikirapo mazira, ndipo ndiwo imasowa ku Chia ndi pa doko lililonse. Ndikadakonda khoma limodzi lalitali likhale la mpasa yekhayekha, lomatidwa ndi tizidutswa ta matailosi ndi mapale, kuonetsa ulendo wake wonse kuchokera m'nyanja, ndi zonse zimene amakumana nazo panjira: maukonde otchinga pa mathiriro a mtsinje, katupe wothiridwa m'madzi, neti ya udzudzu imene imakokolola ndi tiana tomwe. Oumba mbiya ndi mbale za dothi zowotcha ali m'boma lomwe lino, ntchito yawo alendo amaigula n'kupita nayo kunja, bwanji ife eni tisaione pakhoma pathu?

Tsopano mundilole ndinene chimene olemba mapulojekiti sakonda kumva. Zojambulazi zisaname. Anthu okhala m'mbali mwa mpanda wa nkhalango amadziwa kuti njovu ikathyola waya usiku umodzi, munda wa chimanga kapena nthochi umatha. Amayi ochapa ndi kutunga madzi m'mitsinje yathu amadziwa ng'ona. Mukawajambulira njovu yomwetulira pansi pake n'kulemba kuti nyama ndi abwenzi athu, adzangoseka, ena adzatukwana, ndipo adzakhala akulondola. Pakhomapo pakhalenso bambo ali pa msasa usiku akumenya chitini, mayi ataima m'munda woponderezedwa manja ali kunkhongo. Kenako paoneke zimene zimathandizadi: ming'oma ya njuchi yopachikidwa m'malire a munda, poti njovu imaopa njuchi, utsi wa tsabola, ndi mpanda wosamalidwa umene anthu sakudulako waya. Munthu amamvera uthenga wa amene wayamba wavomereza kuti vuto lake ndi loona.

Ngaka nayo ikhalepo, yosemedwa pamwala itadzipinda. Kanyama kameneka sikaluma, kamangodya nyerere ndi chiswe, koma kakulowetsa anyamata athu m'ndende chifukwa cha amalonda amene amawanamiza kuti mamba ake ndi chuma. Lamulo loteteza nyama zakutchire litakonzedwanso mu 2017, chilango cha milandu yokhudza nyama zotetezedwa kwambiri ngati ngaka ndi njovu chinafika mpaka zaka 30. Mnyamata wa kabaza akawerenge zimenezo atakhala pa benchi, asadzazimve koyamba ali m'bokosi la khothi.

Ena adzati zosemasema m'mapaki ndi za azungu. Ayi ndithu. Makolo athu anajambula nyama m'mapanga a Chongoni ku Dedza, malo amene UNESCO inawaika m'kaundula wake mu 2006, ndipo Gule Wamkulu, amene inamulemekeza mu 2005, ali ndi Njovu yake, Mkango wake ndi Kasiyamaliro. Ku Mua, malo a Kungoni amene Bambo Claude Boucher anayambitsa mu 1976 aphunzitsa osema ambiri amene angathe kudzathandiza athu kuno. Chenjezo langa ndi lakuti za kudambwe zisatengedwe chisawawa n'kuziika pabwalo. Boma lathu lili ndi mizikiti, matchalitchi ndi madambwe, ndipo si onse amene amaona chosema ndi diso limodzi. Musanayambe, khalani pansi ndi mafumu, a Malengachanzi, a Mphonde, a Mwadzama, a Kanyenda, a Mwansambo, a Kafuzira, pamodzi ndi atsogoleri a zipembedzo, anene okha chimene chili choyenera kuima pagulu.

Za alendo sindichulukitsa. Mtengo uja wa pa chipatala cha St Anne's, pamene Livingstone anakumana ndi Jumbe m'zaka za m'ma 1860, umaimitsa magalimoto ochoka mu M5 chifukwa uli ndi nkhani yake. Njovu ya misampha nayo idzakhala ndi yake, ndipo amayi ogulitsa mpunga, nthochi ndi nsomba zouma pafupi adzapezapo kangachepe.

Chimene ndikuopa kwambiri ndi chimene chimapha ntchito zambiri zotere: tsiku lodula riboni kumakhala magule ndi zakumwa, pakatha chaka pamera udzu. Musatibweretsere kontirakitala wa kutali ndi mkango wa pulasitiki wogula kunja, ndalamazo zilowe m'matumba a amisiri a kuno, amenenso adzatha kukonza pakaphwasuka. Chosema cha chitsulo chizikidwe mu simenti yakuya, poti ogula zitsulo zakutha sagona. Mu bajeti ya khonsolo mukhale mzere wa wosesa, mlonda, chimbudzi ndi penti wa chaka ndi chaka, ndipo malowo alembedwe bwino m'mabuku kuti mawa wina asadzawagawe mapuloti kapena kuwasandutsa siteji ya maminibasi. Sukulu za pa boma zigawane masabata othirira mitengo, makalabu a zachilengedwe alipo kale ndipo ana amasowa chochita chooneka ndi maso.

Ndikupempha kuti nkhaniyi ilowe pa mndandanda wa zokambirana pa msonkhano wotsatira wa khonsolo yonse, ndipo tsiku lake lilengezedwe pa wailesi kuti owotcherera, oumba, asodzi ndi alimi a m'mbali mwa mpanda abwere adzalankhule okha.

Ine wanu,
Mphunzitsi wopuma ntchito,
Nkhotakota