Depoti ya soya pakati pa nyumba za anthu: khonsolo ikudikira chiyani?

Akonzi,

Ndipatseniko mpata ndinenepo za depoti yogulira mbewu imene makhansala athu kuno ku Kasungu akukokanakokana nayo, kuti ipatsidwe chilolezo kapena ayi. Anthu a m'tauni muno nkhaniyi akuidziwa. Chandilembetsa ine ndi zimene zachitika pa msonkhano wa komiti sabata yathayi. Ife oyandikana ndi malowa tinalemba kalata yokana, tinasaina tonse pamodzi ndi amfumu a m'dera lathu, n'kukaipereka nthawi idakalipo. Tsiku la msonkhano kalatayo sinawerengedwe, ati sikuoneka. Koma pempho la mwini depoti linaoneka, linawerengedwa, kenako nkhani n'kuiimitsa kuti akafufuze kaye. Akafufuze chiyani, pamene malole akutsitsa kale matumba pakhomo pathu?

Puloti imeneyi ndi ya nyumba yogonamo anthu, tonse tinaiona ikumangidwa. Lero mpanda anaugumula mbali imodzi kuti lole izilowa chobwerera m'mbuyo, pabwalo anakolekapo sikelo, ndipo matumba a soya ndi mtedza aunjikidwa mpaka kufika padenga. Lamulo la mapulani a malo la 2016, Physical Planning Act, silola munthu kusintha ntchito ya malo asanapatsidwe chilolezo. Nanga zikutheka bwanji kuti makhansala azikambirana zololeza bizinesi imene ili kale pakalapakala kugula mbewu? Anayenera kuyamba atseka geti, zokambiranazo zibwere pambuyo.

Tsono nkhani ya paipi, imene yandiwawa kwambiri. Msewu wathu ndi wafumbi, wopapatiza, wongoyenera akabaza ndi timagalimoto ting'onoting'ono. Lole ina yodzaza soya pokhota pa ngodya inaponda paipi ya madzi n'kuiphulitsa usiku. Madzi anayenda mpaka kunja kuyera, msewu wonse matope okhaokha, m'mipopi mwathu gwaa. M'mawa amayi, ena ana kumbuyo, anali piringupiringu ndi zidebe kukapempha madzi kwa anthu a zitsime, ana a sukulu n'kupita osasamba. Amenewa ndi madzi a mu damu la Chitete, ndipo palibe munthu wa ku Kasungu amene sadziwa mmene timavutikira ikafika Okutobala damulo likatsika. Madzi amene timawalirira chilimwe chonse atayike usiku wathunthu chifukwa cha munthu mmodzi wopanda ndi chilolezo chomwe! Paipi itakonzedwa, lole ina inadzapondanso pomwepo. Mwini depoti sanabwere ngakhale kudzati pepani. Kamlatho ka simenti ka pa ngalande nako kanathyoka, panopa pali thabwa, ndipo agogo ena a m'dera lathu amachita kugwiridwa dzanja kuti aoloke popita kutchalitchi. Ndani alipire zonsezi? Ndaonapo ndi maso angawa kamwana ka sitandade 2 kakudzipanikiza pakati pa tayala la lole ndi mpanda, kachikwama kali kumutu, dalaivala ali mtulo m'kati injini ikulira. Kodi tidikire maliro kuti kalata yathu ipezeke?

Chimene makhansala ambiri sakuchiganizira n'komwe ndi mankhwala. Ogula mbewu zambiri chonchi amafunditsa matumba ndi matenti n'kuikamo mapiritsi ofukizira aja. Mapiritsiwa akakumana ndi chinyezi amatulutsa mpweya wa poizoni wotchedwa phosphine, umene umapha anankafumbwe, ndipo umaphanso munthu akaupuma pamalo otsekeka. N'chifukwa chake alangizi a zaulimi amaletsa kuwagwiritsa ntchito m'nyumba yogonamo. Mulu wa matumba ndikunenawu wachita kutsamira khoma, ndipo kuseri kwa khomalo kuli zenera la chipinda chimene mumagona ana a neba wanga. Za makoswe ndi fumbi la makoko a mtedza limene likugwera mu ufa woyanika sindinena zambiri, bwerani mudzaone nokha.

Makhansala amene akuikira kumbuyo depotiyi akuti ibweretsa maganyu kwa achinyamata, ndalama ya laisensi, komanso msika wapafupi kwa alimi. Zimenezo palibe akukana. Kasungu ndi boma la alimi, tonsefe tinaleredwa ndi fodya, mtedza ndi chimanga, ndipo mlimi wochokera ku Chamama kapena ku Santhe ayenera kupeza pogulitsa. Koma onani msika wa fodya wa Chinkhoma: unamangidwa kunja kwa tauni, m'mbali mwa msewu wa M1, pamalo otakasuka pamene lole imatembenuka osagunda nyumba ya munthu. Amene anasankha malo amenewo ankadziwa chimene akuchita. Achinyamata athu angasenze matumba kumeneko kapena kwina kulikonse koyenera, ganyu wake ndi yemweyo.

Ndinene mosabisa, akonzi, vuto si depoti yokhayi. Kuchokera 2005 dziko lino linakhala opanda makhansala mpaka chisankho cha 2014, ndipo atabwerera tinkati tapeza otiyankhulira. Koma yendani m'malokeshoni mwathu lero: apa bala, apo chigayo, apo owotcherera zitsulo mpaka usiku, zonse pakati pa nyumba za anthu. Msonkho wa nyumba timalipira, zinyalala zili mbwee. Mayi wogulitsa tomato pamsika akalephera ndalama ya tikiti tsiku limodzi lokha amathamangitsidwa, koma munthu wa malole akuswa lamulo dzuwa likuswa mtengo ndipo akumuitanira misonkhano. Abwana makhansala, inu amene kwanu kuli zii, chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Puloti yoyandikana ndi yanu nayo ili ndi mwini wake wofuna ndalama.

Pempho langa ndi lachidule. Ntchito pa depotiyi iime lero, mwini wake apatsidwe malo m'mbali mwa M1 kapena kumalo a mafakitale, akonze kamlatho kathu, ndipo kalata yathu iwerengedwe pa msonkhano wotsatira ife tili pomwepo. A zaumoyo ndi a bungwe loona zachilengedwe la MEPA abwere adzaone za mapiritsi aja mvula isanagwe. Zikakanika, lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza uthenga linayamba kugwira ntchito mu 2020; tikapempha zolembedwa za msonkhano uja kuti tidziwe amene anasowetsa kalata yathu, ndipo tikatula nkhaniyi ku ofesi ya Ombudsman.

Woyandikana ndi depotiyo,
Kasungu