Kalata ya malikisi awiri aja

Mnzanga wokondedwa,

Kalata yako yafika, ndipo pafupifupi yonse ndi maliro a malikisi awiri. Nkhani yoti bambo akunyumba apeza ntchito ina ndipo mukusamukira mzinda wina waifinyira kumapeto, pansi pa dzina lako, ngati waikumbukira utamata kale envelopu. Uwauze kuti ndakondwera nawo. Koma poti wasankha wekha kuti tilire malikisi 118 amene mwana wako wapeza pa mayeso a vayolini, kuperewera awiri kuti afike pa merit, tiye tilire mwadongosolo.

Wachita bwino kukopera pepala lonse la woyesa, chifukwa likukutsutsa. Mayeso a ABRSM, bungwe loyesa ophunzira nyimbo, amakhala ndi malikisi 150. Kukhoza ndi 100, merit ndi 120, distinction ndi 130. Nyimbo zitatu zija iliyonse ndi ya 30, ndipo mwanayu wapeza 26, 25 ndi 27. Pa Giredi 4 ya vayolini amenewo ndi malikisi abwino, wina asakunamize. Masikelo, kukwera ndi kutsika manotsi mondondoza, wapeza 16 pa 21. Mayeso a khutu 13 pa 18, wapulumukira m'kamwa mwa mbuzi poti chokhozera ndi 12. Ndiye pali 11 uja wa sight-reading, kuimba nyimbo imene sunaionepo, pamene chokhozera chake ndi 14 pa 21. Gawo limenelo walephera. Mwayi wake ndi woti iwo amangophatikiza zonse, safuna kuti ukhoze gawo lililonse palokha. Choncho woyesa amene wamutcha wouma mtima uja sanamubere kanthu. Mwanayu akanangofika pa 14, bwenzi ali ndi 121, ine ndikuwerenga kalata ya za kusamuka.

Matenda amenewa amakonda ana a khutu lakuthwa, ndipo wakoyo ndi mmodzi wa iwo. Aphunzitsi akaimba nyimbo kawiri, iye waigwira kale. Akafika kunyumba amaimveranso pa YouTube, pomatha sabata zala zaloweza. Maso amakhala pabuku, inde, koma sakuwerenga, akungoperekeza zala. Mwana wotere akakhala miyezi yambiri pa nyimbo zitatu zokha, ndiye kuti chaka chonse wawerengadi masamba owerengeka pa dzanja limodzi. Tsiku la mayeso mlendo amamuikira kanyimbo patsogolo, nkumupatsa masekondi 30, nkumuuza kuti ayambe.

Mankhwala ake ndi otopetsa koma ndi afupi. Mphindi zisanu tsiku lililonse, poyamba penipeni asanatope. Kanyimbo kakhale katsopano tsiku lililonse, ndipo kakhale kophweka, ka Giredi 2, chifukwa kakavuta amabwerera ku chizolowezi chake choloweza. Masekondi 30 aja aphunzire kuwagawa. Ayambe wayang'ana kumanzere kwenikweni, aone ma sharp kapena ma flat, zizindikiro zokweza kapena kutsitsa notsi pang'ono, alipo angati, kuti adziwiretu kumene chala chachiwiri chikhale pa nsambo iliyonse, kufupi ndi choyamba kapena ndi chachitatu. Ana ambiri amagwera pomwepo. Kenako aone nambala ziwiri za kagundidwe, awerenge chamumtima. Kenako asake malo amene manotsi athithikana kwambiri, poti malo amenewo ndi amene amalamula liwiro la nyimbo yonse. Akayamba mothamanga chifukwa poyambira pakuoneka pofewa, akakakamira pakati. Umuuzenso kuti amaloledwa kuyeserera pa vayoliniyo m'masekondi amenewo. Ambiri amangoima njo, uta uli m'mwamba, kuopa kuti akakhudza nsambo ndiye kuti ayamba. Akayamba, asaime ndipo asabwerere. Notsi yolakwika imene yadutsa nyimbo ikuyenda imadya malikisi ochepa, koma woima paliponse kuti akonze amataya kagundidwe konse. Akamaliza, tsamba limenelo lisabwerenso mawa. Iwe ntchito yako ndi kugwira wotchi ndi kutseka pakamwa, ndipo ndikudziwa chimene chikuvute pa ziwirizi.

Tsopano za alamu ako, amene chibadwire sanagwirepo uta koma mabungwe onse a mayeso akuwadziwa. Zimene akunenazo, zoti kuli mayeso ena amene mwana angalembe popanda sight-reading, si bodza. Ku Trinity College London malikisi ndi 100, kukhoza 60, merit 75, distinction 87, ndipo mpaka Giredi 5 mwana amasankha ziwiri mwa zinayi: sight-reading, mayeso a khutu, kupeka nyimbo pomwepo, kapena kuyankha mafunso okhudza nyimbo zimene waimba. ABRSM nayo kuyambira 2020 ili ndi Performance Grade, pamene mwana amaimba nyimbo zinayi mondondoza, nkujambulidwa pa vidiyo ulendo umodzi osadula, popanda masikelo, popanda za khutu, popanda sight-reading. Onsewa ndi mayeso enieni, ndipo kwa mwana amene amauma thupi pamaso pa mlendo, kapena wokhala kutali ndi malo oyesera, amathandiza ndithu. Koma kumusamutsira kumeneko pothawa 11 uja ndi kungophimba chilonda. Ku Trinity komweko sight-reading imabwerera mokakamiza pa Giredi 6. Ndipo tsiku limene adzakhale mu okesitira, wotsogolera akadzakweza kandodo, palibe amene adzayambe wamuimbira kawiri. Alamu akowo uwapatse moni, uwauze kuti akafuna ndiwalembetsa okha Giredi 1.

Zomulembetsa Giredi 5 teremu ikubwerayi, ayi. Mukusamuka, ndiye kuti aphunzitsi akhala atsopano, ndipo mphunzitsi aliyense wodziwa ntchito amatha miyezi yoyamba akukonza kagwiridwe ka uta ndi kakhalidwe ka dzanja lamanzere. Pa nthawi imeneyo mwana amamveka ngati wabwerera m'mbuyo. Ukamuikira tsiku la mayeso patsogolo, mphunzitsiyo amasiya kukonza nkuyamba kumata. Komanso pakati pa Giredi 4 ndi 5 pali zinthu ziwiri zosafuna phuma: kusuntha dzanja kukwera ndi kutsika pakhosi pa vayolini, ndi vibrato, kugwedeza chala pa nsambo kuti notsi imveke mokoma. Posuntha, chala chachikulu chiyenera kuyenda limodzi ndi dzanja lonse, ndipo chala chimene chili pa nsambo chipepuke kaye, chitsetsereke, kenako chipanikize chitafika. Mwana wofinya khosi la vayolini amasuntha modumpha, amapitirira notsi kapena kuperewera. Vibrato yophunzitsidwa pa dzanja lofinya lomwelo imatuluka ngati kunjenjemera, ndipo kudzaichotsa kumatenga nthawi yaitali kuposa kuiphunzira bwino poyamba. Nthawi zambiri gwero la kufinyako limakhala paphewa. Chotsamira cha paphewa kapena cha pachibwano chikapanda kumukwana, dzanja lamanzere limagwira ntchito yonyamula chida m'malo moyenda. Umuuze aike vayolini paphewa, atsitse dzanja lamanzere kwa kamphindi, iwe utaika dzanja lako pansi pake. Ikagwa, kapena akakweza phewa nkuluma mano kuti isagwe, uwauze aphunzitsi atsopanowo tsiku loyamba lomwelo.

Palibe lamulo loti mwana alembe giredi iliyonse. Akhoza kudumpha Giredi 5 ya kuimba nkudzalemba 6 akakhwima. Kuthamanga si kufika. Chaka chimenechi ndikadakonda aimbe nyimbo khumi kapena kuposerapo zosavuta kwambiri, za olemba osiyanasiyana, zina limodzi ndi aphunzitsi awiriawiri, kusiyana ndi kukalamba ndi zitatu. Mukadzafuna kulembetsa, uyambe waona zaka zolembedwa pachikuto cha buku, chifukwa mindandanda ya nyimbo imasintha pakapita zaka zingapo, ndipo buku lobwereka kwa mwana wa mnzako likhoza kukhala lotha ntchito.

Chimene uyenera kuyamba lero ndi theory, maphunziro a kalembedwe ndi malamulo a nyimbo, ndipo sunachitchule n'komwe. Ku ABRSM munthu salowa mayeso a Giredi 6, 7 kapena 8 asanakhoze Giredi 5 ya theory, kapena ya Practical Musicianship, kapena ya jazz. Makolo ambiri amazindukira mwana atakonzeka kale, ndiye amayamba kumukhuthulira za zaka zitatu m'masabata ochepa. Masiku ano amalemba pa kompyuta, malikisi 75, kukhoza 50. Muli makiyi ofika ma sharp ndi ma flat asanu ndi limodzi, kutchula mtunda wa pakati pa manotsi awiri, kusamutsa nyimbo kuchoka kiyi ina kupita ina, makodi (manotsi angapo olira pamodzi), ndi kuwerenga clef ya alto ndi ya tenor (clef ndi chizindikiro cha koyambirira kwa mzere chosonyeza mmene manotsi awerengedwere). Ana a vayolini amavutika kuposa a piyano, poti moyo wawo wonse awerenga treble clef yokha ndipo aimba mzere umodzi. Bass clef ndi makodi kwa iwo ndi chilankhulo chachilendo. Kiyibodi yaing'ono, ngakhale yotchipa, imathetsa theka la vutoli, chifukwa makodiwo amawaona ndi maso nkuwamva. Mphindi 20 kawiri pasabata zikwana mukayamba tsopano.

Nanga vayolini yaikulu imene agogo ake amugulira kuti adzakuliremo? Iikeni pamwamba pa kabati. Nsapato mwana amakuliramo, koma izi ayi. Aike vayolini pakhosi, atambasule dzanja lamanzere: akalephera kukumbatira mutu wopiringizika uja ndi chikhatho chigongono chili chopindika pang'ono, ndiye kuti ndi yaikulu. Akhale pa 3/4 yakeyo. Chida chachikulu chimakakamiza chala chachinayi kufutukuka mopitirira, manotsi amayamba kuperewera, ndipo mkono umawawa. Agogowo akakwiya unene kuti ndine.

Musanaiwale, kumene mukupitako musakenso woimba piyano womuperekeza. Woyesa saperekeza munthu, mumabwera ndi wanu. Akumane naye kawiri kapena katatu lisanafike tsikulo, chifukwa mwana amene wazolowera kuimba yekha sadziwa kuwerenga malo opuma pamene piyano ikuimba yokha, amalowa msanga. Mpaka Giredi 5 aphunzitsi kapena wapiyanoyo akhoza kumuchunira nsambo, koma kuyambira Giredi 6 amachuna yekha pamaso pa woyesa. Ayambe tsopano: A kaye, kenako D, G, E, poyamba ndi timasikuluwu ta kumunsi tija, zikhomo za kumutu pambuyo.

Bambo akunyumba uwauze asiye kumutchulira Sheku Kanneh-Mason, katswiri woimba cello uja, pa chakudya. Inde anapambana mpikisano wa BBC Young Musician mu 2016, ndipo Nicola Benedetti, woimba vayolini, anapambana mu 2004 ali ndi zaka 16. Koma mpikisano umenewo amaweruza kuimba kumene akumva pa tsikulo, ndipo masukulu akuluakulu a nyimbo nawonso amafuna umuimbire pamaso. Mayiko ambiri amene amatulutsa akatswiri a vayolini sagwiritsa ntchito magiredi amenewa n'komwe. Ku Venezuela, José Antonio Abreu anayamba mu 1975 ndi kusonkhanitsa achinyamata kuti aziimba limodzi. ABRSM inakhazikitsidwa ku London mu 1889 kuti pakhale muyeso umodzi wa ophunzira, ndipo ntchito imeneyo imaigwira bwino. Imakakamiza masikelo amene palibe mwana angawasankhe yekha, imapereka tsiku loti zinthu zikhale zitapsa, imabweretsa khutu lachilendo losakondera. Ku UK magiredi 6 mpaka 8 amawonjezeranso mapointi a UCAS polowa yunivesite. Koma mphindi zosakwana 20 m'chipinda ndi mlendo sizingakuuze ngati mwana amamvetsera anzake akamaimba, kapena ngati adzakhala akuimbabe ali ndi zaka 30.

Pali mzere wina umene walemba modutsa, pakati pa kunyoza woyesa ndi kudandaula za mtengo wa mayeso. Wati chitulukire zotsatira sanatsegule bokosi la vayolini. Mnzanga, mwana wa zaka 11 wakhoza mayeso, ndipo m'nyumba muli zii ngati walephera. Iye waona nkhope yako isanamwetulire. Ana osiya vayolini ambiri sasiya chifukwa yavuta, amasiya pamene nyimbo iliyonse yasanduka nambala yokaonetsa kwa makolo, ndipo amasiya mwakachetechete, bokosi limangolowa kunsi kwa bedi. Aphunzitsi athu aja akanakhala moyo bwenzi atakulembera mawu owawa kuposa angawa. Ndimawasowa. Teremu yonseyi mawu oti giredi asamveke m'nyumbamo. Asankhe yekha nyimbo imene akuifuna, ngakhale ya mufilimu, ngakhale iwe ukuiona yopepera. Mukafika kwatsopanoko, musanapachike n'komwe makatani, mufunse za okesitira ya ana kapena kagulu ka zoimbira za nsambo. Akamuika kumbuyo kwa mavayolini achiwiri usapite kukadandaula. Kumeneko ndi kumene adzaphunzire kuwerenga, poti nyimbo yake sikhala pamwamba kuti aigwire ndi khutu, ndipo akasochera anzake samudikira.

Masikelo aja a 16 ndinafuna kunenapo zambiri koma dzanja latopa. Mwachidule, asamawaimbe kuyambira woyamba m'buku mpaka wotsiriza, chifukwa woyesa amasankha mwachisawawa ndipo amafuna a pamtima. Mulembe dzina la sikelo iliyonse pa kapepala, muike m'kapu, azitola atatu patsiku. Aziimba pang'onopang'ono notsi yoyambira ya sikeloyo ikulira mosalekeza pa foni, kuti khutu lizimva pamene chala chaphonya. Za nsambo, ngati sizinasinthidwe chaka chonse ndiye kuti zina mwa ndemanga za woyesa pa kamvekedwe si mlandu wa mwana ayi, ndipo utomoni wa pa uta usamamulole kupaka tsiku lililonse ngati mmene ndikuganizira kuti amachitira, chifukwa fumbi loyera lija likaunjikana pansi pa nsambo

Pepala latha. Unditumizire adiresi yatsopano.

Ine mnzako