Zikomo Potilandira ku Serpentine

Kwa Akuluakulu Oyang'anira,
Serpentine Galleries,
Kensington Gardens,
London.

Olemekezeka,

Ndalemba kalatayi pofuna kuthokoza inu ndi antchito anu chifukwa cha mmene munatilandirira ine ndi mdzukulu wanga wa zaka 9 Loweruka lapitali. Kunena zoona, sitinachoke kunyumba ndi cholinga chokaona zaluso, koma tinangopita kukawongola miyendo m'paki, ndipo chimene chinatilowetsa pakhomo la nyumba yanu yoonetsera zaluso ya Serpentine South ndi mvula. Nditayamba kupisa m'thumba kufuna ndalama, mayi amene anali pakhomopo anandiuza mwaulemu kuti kulowa n'kwaulere.

Ndiulule kuti nyumbayi ndakhala ndikuilambalala kwa zaka zambiri, poganiza kuti ndi malo a anthu amene anaphunzira zaluso kusukulu. Mu 2017 ndinafika pabwalo lake lenilenilo kudzaona chisakasa cha chaka chimenecho, pakuti kuyambira mu 2000 mwakhala mukuitana akatswiri olemba mapulani a nyumba kudzamanga Serpentine Pavilion, imene imaima miyezi yochepa ya nyengo yotentha kenako n'kuphwasulidwa. Cha mu 2017 anachikonza ndi Francis Kéré wa ku Burkina Faso, potengera mtengo umene anthu a m'mudzi wa kwawo ku Gando amasonkhana pansi pake. Makoma ake anali a matabwa obiriwira ngati thambo, osanjidwa mosiya timipata todutsa mphepo, ndipo denga linali ndi chiboo pakati kuti madzi a mvula azitsikira pamenepo ngati mathithi. Ndinakhala pamenepo nthawi yaitali ndithu, koma masitepe ochepa otsala kuti ndilowe m'nyumba yoonetsera zaluso ndinawaopa.

Chimene chinachotsa mantha amenewa Loweruka lija ndi khalidwe la mnyamata wina wa antchito anu. Mdzukulu wanga anaima patsogolo pa chinthu china chimene sichinkafanana ndi munthu, nyama kapena nyumba, n'kufunsa mokweza mawu kuti, "Agogo, kodi ameneyu anamaliza kapena anatopa?" Ine manyazi anandigwira, ndipo ndinali pafupi kumukhalitsa chete pamene mnyamatayo anafika n'kunjuta kuti alingane naye msinkhu. Sanayambe ndi kumuphunzitsa ayi. Anamufunsa kaye mbali imene maso ake anayambira kugwera, kenako anamupempha kuti abwerere m'mbuyo pang'ono aonenso, ndipo mwanayo atanena zimene ankaona, iye anamufotokozera zipangizo zimene mmisiri anagwiritsa ntchito ndi chifukwa chake ankaloledwa kuyandikira koma osakhudza. Inenso ndinabwerera m'mbuyo mwakachetechete ngati kuti malangizowo anali anga.

Ndikuyamikiranso kuchepa kwa malo anu, ngakhale ena angakuone ngati chilema. M'nyumba zikuluzikulu zosungira zakale munthu amatuluka miyendo italema, zimene waona zitasokonekera m'mutu, pamene kwanu tinazungulira zipinda zonse kawiri pasanathe ola limodzi ndipo mwanayo akuzikumbukirabe. Mnyamata yemwe uja ndi amene anatiuza kuti nyumbayi inamangidwa m'zaka za m'ma 1930 ngati malo omwera tiyi ndipo inayamba kuonetsa zaluso mu 1970.

Mvula itakata, tinatsata malangizo ake n'kuwoloka mlatho wa panyanja ya Serpentine, ulendo wa mphindi ngati 5, kupita ku nyumba yanu ina yoonetsera zaluso ya Serpentine North imene inatsegulidwa mu 2013. Mdzukulu wanga anadabwa kumva kuti zipinda za njerwa zimene tinalowamo zinamangidwa mu 1805 kuti azisungiramo onga wa mfuti, koma chimene chinamutenga mtima kwambiri ndi denga loyera lopindikapindika la mbali yatsopano imene anaikonza Zaha Hadid, yemwenso anakonza chisakasa chanu choyamba. Ine ndinakonda njerwazo kuposa dengalo, ndipo tinatsutsana nkhani imeneyi mpaka pokwerera basi.

Dzina la mnyamata uja sindinalifunse, choncho ndikupempha kuti mufikitse kuthokoza kwanga kwa onse amene anali pantchito m'zipinda za Serpentine South masana a tsikulo. Mdzukulu wanga wandilonjezetsa kuti tidzabwerenso chisakasa chotsatira chikadzaima, ndipo akuti adzabwera ndi kope lake lojambulamo.

Ine wanu woyamika,
Gogo wa mwana wofunsafunsa uja