Kalata ya Abusa kwa Akhristu a Mpingo Wathu Kuno ku Thyolo

Okondedwa mwa Ambuye,

Ndikukulemberani za nkhani imene ambiri timaitchula monong'ona, nkhani ya kugwiririra ana ndi kuwagwiragwira mosayenera. Kawirikawiri wochita zimenezi amakhala munthu amene mwanayo amamudziwa ndi kumulemekeza, ndipo akhoza kukhala mphunzitsi wa Sande sukulu, wotsogolera kwaya, mkulu wampingo, ngakhale mbusa amene.

Ambiri mwa inu mumalawirira kukathyola tiyi ku esiteti ndi kubwerako mutatopa, ndipo mwana akatsanzika kuti akupita ku kwaya, mtima umakhala m'malo chifukwa ali kutchalitchi. Sitifuna kukugwiritsani fuwa lamoto. N'chifukwa chake bwalo la akulu ampingo lagwirizana kuti munthu wamkulu asakhale yekha ndi mwana m'chipinda chotseka, ngakhale pomupempherera, kuti zokumana za ana zizitha dzuwa lisanalowe, ndiponso kuti pa misasa ya achinyamata amayi azigona kumene kuli atsikana, abambo kumene kuli anyamata. Lamuloli likundikhudza inenso.

Chimene chimandipweteka kwambiri ndi chizolowezi chothetsa nkhanizi pachiweniweni, wolakwa n'kupereka mbuzi kapena ndalama, mwana n'kuuzidwa kuti akhale chete kuopa kuchititsa mpingo manyazi. Abale anga, kugona ndi mwana ndi mlandu wa boma, ndipo bwalo lathu lilibe mphamvu youweruza. Kuchokera mu 2017 malamulo aakulu a dziko lino amanena kuti aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana, kaya wakula thupi, kaya anavinidwa. Wolakwa akalapa tidzamupempherera, koma ku polisi adzapitabe, ndipo sadzapatsidwanso udindo pakati pa ana.

Mwana akakuululirani, musamukalipire kapena kumufunsa chimene anapitira kumeneko. Mumukhulupirire, mumuuze kuti sanalakwe, ndipo muthamangire naye kuchipatala pasanathe maola 72, chifukwa mankhwala a PEP oteteza ku HIV amayenera kuyambidwa m'nthawi imeneyi. Kenaka kadziwitseni ofesi ya Victim Support Unit ku polisi, imene imathandiza ochitiridwa nkhanza, kapena imbani nambala yaulere yothandiza ana ya 116. Simufunika chilolezo changa kuti muchite zimenezi. Anyamatanso amachitiridwa nkhanzazi, ndipo iwo ndiwo amavutika kwambiri kuulula, choncho muziwafunsa modekha mukaona kuti ayamba kukana kupita kwa munthu wina kapena kumalo amene kale ankawakonda.

Lamulungu likudzali tikaweruka mapemphero, makolo onse ndi aphunzitsi a Sande sukulu mutsale kuti tisankhe amayi awiri ndi abambo awiri amene ana azitha kuwafikira mosaopa.

Ine mbusa wanu mwa Khristu.