Za amayi ndi mtsikana wowasamala

Bembeke, Dedza

Mnzanga wokondedwa,

Ndalama zija unatumiza pa Mukuru ndinalandira, zikomo kwambiri, Mulungu abwezeretse pomwe wachotsa. Pa foni tsiku lija netiweki inkangodukaduka, ndiye funso lako sindinaliyankhe bwino. Unafunsa ngati mtsikana amene akusamala amayi ali ndi mapepala. Ndinaseka, koma usiku wake tulo sitinabwere.

Mapepala ake ati? Kuno si kwanuko ku Leeds, ku Mangalande, komwe umati a Care Quality Commission amayendera makampani osamala anthu m'makomo n'kuwapatsa magiredi, komwe iwe asanakulembe ntchito anayamba afufuza ku DBS, ofesi yoona mbiri ya milandu ya anthu, ngati unapalamulapo. Kwathu kuno a Nurses and Midwives Council amalembetsa anamwino ndi azamba, koma mwana wochokera ku Mayani, wobwera ndi kachikwama kamodzi ndi umboni wa azakhali ake woti ndi waulemu, angamuyendere ndani? Ife tinangoona kuti ndi wamphamvu, amalawirira, si woyendayenda. Basi.

Amayi atatuluka m'chipatala, mbali ya kumanja itafa ndi sitiroko ija, ndinawasamala ndekha milungu iwiri. Sukulu zitatsegulidwa ndinamusiyira mtsikanayo. Zonse zinkaoneka bwino: pakhomo posesa, zovala pa chingwe, amayi osamba. Loweruka lina ndikuwasintha chitenje ndinapeza m'munsi mwa msana muli pofiira, kukula kwake ngati chivindikiro cha botolo la Sobo, khungu litayamba kale kusupuka. Ku chidendene kunali thuza. Ndinamukalipira mwana wa eni ake mpaka analira. Atatonthola anandiuza kuti amayi akagona ankawasiya osawakhudza, poti munthu wamkulu sadzutsidwa chisawawa. Zowatembenuza palibe anamuuza. Ndinangoti kukamwa yasa, chifukwa inenso mphunzitsi wathunthu ndinkaona ngati kuwatembenuza m'mawa ndi madzulo n'kokwanira.

Amene anatipulumutsa ndi mayi wina wachikulire wa kumpingo kwathu. Ukukumbukira azimayi aja ankayenda khomo ndi khomo ndi tizikwama ta magolovesi ndi sopo, nthawi imene Edzi inkatimaliza, ma ARV aulere asanayambe mu 2004? Ndi mmodzi wa iwowo. Anafika osanyoza munthu, anamanga chitenje n'kugwada pambali pa bedi. Anatisonyeza kuti tiziwatembenuza maola awiri aliwonse, pilo pakati pa mawondo, wina pansi pa akatumba kuti zidendene zilendewere osakhudza matiresi. Pofiira paja anatiletsa kupatikita, pomwe ine ndinali nditayamba kale kupasisita ndi mafuta. Nsalu yogonera ikhale youma ndi yokunga, yopanda makwinya kapena nyenyeswa za chakudya. Kenako anaona mmene mtsikana ankawamwetsera madzi ali chigonere, ndipo apa pokha ndi pomwe anakweza mawu. Anati munthu wa sitiroko samezanso bwino, madzi ndi phala zimalowera ku mapapo, mapeto ake chibayo. Tsopano timawakhazika tsonga, phala lolimbirako, supuni yaing'ono, ndipo akamaliza amakhala chikhalire theka la ola. Chilondacho anakachiona kuchipatala, chikuuma pang'onopang'ono.

Koma chimene chimandinjenjemeretsa mpaka lero ndi mbaula. Iwe kuzizira kwa Bembeke mu Juni ukukudziwa, kuja kolowa m'mafupa. Usiku wina ndinadzuka kuti ndiwatembenuze, ndinapeza mbaula ya makala ili psuu m'chipinda, mawindo otseka, pansi pa chitseko atatsekapo ndi chiguduli. Mtsikana ankadandaula mutu ndi chizungulire, amayi ali lefu. Mpweya wa makala sununkha, munthu amangogona osadzukanso. Ndinatsegula zonse, mbaula kunja. Mwanayo anachita izi powamvera chisoni agogo ake, ndiye ndikanamukalipira bwanji kachiwiri? Tinayamba kuwaikira botolo la madzi ofunda lokulunga m'nsalu, koma nalonso mayi uja anatichenjeza kuti lisagunde mbali yakufayo, poti akhoza kupsa osamva.

Pano pawindo pali kope la ana asukulu. Aliyense wowatembenuza, wowadyetsa kapena wowapatsa mankhwala a BP amalemba nthawi ndi dzina lake. Linabwera chifukwa cha achimwene, amene tsiku lina anawamwetsa mapiritsi a m'mawa kachiwiri osadziwa kuti amwa kale. Poyamba ankati ndikuchita za chizungu, lero ndi iwo oyamba kulitsegula akabwera. Tikamapita ku mafizo ndimalitenga pamodzi ndi buku lawo la kuchipatala, ndipo mlangizi wa zaumoyo akadutsa amaliwerenga.

Kunena zoona, ifeyo timafuna ntchito ya namwino pa malipiro a wosesa pakhomo, ndiye zikalakwika n'kumati atsikana a masiku ano ndi aulesi. Pa ndalama zako zija ndamukwezerako malipiro, Lamulungu amapuma, ndipo usiku ndimadzuka ndine. Achimwene sanakondwere, akuti ndimuzoloweza. Ndinawauza kuti ayesere okha usiku umodzi. Sanayeserebe.

Pali chimodzi chomwe chikutisautsa, ndipo iwe ntchito yosamala odwalayi ndi imene umagwira. Kuwachotsa pabedi kupita pa mpando timachita kuwakoka m'khwapa, amayi amabuula phewa la kumanja, ndipo mtsikana wayamba kudandaula msana. Kwanuko muli ndi makina onyamulira, ife tili ndi manja anayi ndi chitenje. Ukapeza mpata ujambule kavidiyo pa WhatsApp, ngakhale ndi mnzako wa kuntchito, utisonyeze pogwira ndi poponda. Magolovesi ukamatumiza katundu usaiwale, apakatikati.

Amayi mawu akumveka pang'ono tsopano. Dzulo ndinawasonyeza chithunzi chako uli mu yunifolomu, anachiyang'ana nthawi yaitali n'kufunsa ngati kumeneko ukudya. Kachewere chaka chino wachita bwino kudimba, mavenda a ku Lilongwe ayamba kale kuzungulira ndi mitengo yawo yoboola m'mimba.

Upereke moni kwa alamu ndi ana.

Ndine mnzako wa kalekale,
wa pa Bembeke