Ahedi athu akuchoka, makolo tagawanika

Agogo,

Ndine mayi wa ana anayi, ndimakhala m'boma la Phalombe, ndipo ndili m'komiti ya makolo ndi aphunzitsi pasekondale ya atsikana ya kwathu kuno. Mayi amene akhala mphunzitsi wamkulu pasukuluyi alandira kalata yoti akagwire ntchito kwina teremu ikatha. Nkhaniyi yatigawa makolo, ndipo ine ndasenza chinsinsi chimene chikundisowetsa tulo.

Kuti mumvetse chimene anthu akulirira, ndiyambe ndi mmene sukuluyi inalili. Pamene mayiwa ankafika panali midadada iwiri yokha, malo ogona panalibe. Atsikana ochokera kutali ankachita lendi timanyumba kumsika, kudziphikira okha, ndiwo zikatha amene ankawagulira ndi anyamata a kabaza ndi mavenda. Ambiri sankafika Fomu 4. Mayiwa anaitanitsa mafumu ndi makolo, tinaumba njerwa, amayi tinatuta mchenga pamutu kuchokera kumtsinje mpaka hosteli inaima. Kenaka anapatula kachipinda koti mtsikana akakhala kumwezi azisinthiramo, amayi a Mother Group (gulu la amayi a m'midzi lothandiza atsikana kuti asasiye sukulu) n'kumasoka zovalira zansalu. Kanthu kakang'ono aka kanachepetsa kujomba kuposa chilango chilichonse.

Ahedi ali ndi kaundula wachikuto chakuda amene amakhala patebulo pawo. Mtsikana akasowa m'kalasi masiku angapo, dzina lake limalowa mmenemo, ndipo sabata isanathe mayi wina wa Mother Group amakhala atafika kale pakhomo pa makolo ake. Sukulu zitatsekedwa mu March 2020 chifukwa cha Covid-19, atsikana athu angapo anatenga pakati, ena anakwatiwa. Ahedi anayenda mudzi ndi mudzi pakabaza, fumbi lili mbuu kumaso. Ankakhala pamphasa ndi makolo n'kuwauza modekha kuti kuyambira 1993 boma limalola mtsikana kubwerera kusukulu akabereka, komanso kuti malamulo a dziko lino, makamaka chisinthireni mu 2017, salola ukwati wa mwana wosakwana zaka 18. Ena mwa atsikanawo anabwereradi, analemba MSCE, mwana atasiyira agogo ake. Namondwe wa Freddy atatisakaza mu March 2023, makalasi anasanduka pogona anthu othawa madzi, koma mayiwa sanalole kuti a Fomu 4 aiwale mabuku. Lero tili ndi ana athu kumayunivesite a boma, zomwe kale tinkangomva pawailesi.

Tsono kukula kwabweretsanso zake. Makolo a midzi yakutali onse akufuna malo. Muhosteli atsikana akugona awiriawiri pabedi limodzi, zimbudzi zachepa, aphunzitsi a sayansi ndi ochepa kwambiri. Zonsezi zimayenda chifukwa mayiwa amadziwa mfumu yoti aikodole, kholo loti alidikire fizi, ndi mphunzitsi woti amulimbitse mtima. Ndi zinthu zosalembedwa paliponse, zili m'mutu mwawo.

Gulu lina la makolo lakonza zolemba chikalata, kutseka geti, ndi kuguba mpaka kuofesi ya maphunziro. Akuti pali wina wansanje amene wawachotsetsa, ndipo maina a aphunzitsi awiri ayamba kale kutchulidwa pamjigo. Gulu lina likuti wantchito wa boma sakhala malo amodzi, tingolandira amene abwere. Ena sakuyankhula, angoyamba kufunsa makalata a transifa a ana awo.

Chinsinsi chija ndi ichi, Agogo. Ahedi anandiitana kuofesi kwawo n'kundiuza kuti palibe amene wawathamangitsa. Anapempha okha. Mayi awo owabereka akudwala kumudzi, alibe wowasamalira, ndipo iwonso thupi latopa. Anandipempha kuti ndisauze munthu chifukwa akuopa kuti anthu anena kuti athawa ana. Ndinawalonjeza. Koma tsopano ndikuona aphunzitsi osalakwa akudetsedwa, ndipo anzanga akusonkha ndalama ya lole yopitira kukachita zionetsero pankhani imene ine ndikudziwa kuti si yoona. Pamsonkhano wapitawu ndinangoti zii, ndiye ena akuti ndadya nawo.

Kunyumba nakonso sikuli bwino. Mwana wanga ali Fomu 3, ndi mmodzi mwa amene ahedi anawakoka kuti azikonda masamu. Akungolira, akuti nayenso achoka. Bambo ake akuti timutumize kwa azakhali ake ku Limbe sukulu isanalowe pansi. Ine mtima wanga ukukana. Njerwa za hosteli ija tinaumba ndife, ndipo ngati ife a m'komiti tiyamba kuchotsa ana athu, mayi wosauka wa kuseri kwa phiri amene alibe wachibale kutauni aganiza chiyani? Chimene ndikulakalaka n'choti masabata atsalawa tikhale pansi ndi mayiwa, atisiyire bwinobwino kaundula uja, mabuku a ndalama za hosteli ndi njira zawo zonse, kuti wobwerayo adzapeze makolo okonzeka kumugwira dzanja, osati omudikira ndi mkwiyo. Koma ndikayamba kulankhula zimenezi anthu akuti ndagonja msanga.

Ndithandizeni, Agogo. Ndibwerere kwa ahedi kukawapempha kuti alankhule okha pamaso pa makolo? Nanga akakana, ndiulule kuti ndipulumutse aphunzitsi awiriwa, kapena ndisunge lonjezo langa? Ndipo bambo a kunyumba ndiwayankhe bwanji pankhani ya mwanayu, poti mayeso a Fomu 4 ndi chaka chamawa chomwechi?

Ine mayi wothedwa nzeru,
ku Phalombe